Zimene Mchenga Unasunga, Zimene Madzi Anameza

Dzina lakuti Kusi ndinayamba kulimva ku Sande sukulu, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaliyesa limodzi la mayina aja a m'Baibulo amene alibe mudzi, alibe manda, alibe ngakhale mdzukulu woti munthu n'kukamulonjera. Pa 2 Mafumu 19:9 ndi pa Yesaya 37:9 pamatchulidwa mfumu ya Kusi imene inatuluka kukalimbana ndi Asuri pa nthawi imene Yerusalemu anali pampanipani. Mfumu imeneyo ndi Taharqa. Manda ake alipo mpaka lero, chimulu chachikulu cha miyala pamudzi wa Nuri, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, m'chigawo cha Kumpoto cha dziko la Sudan, chimene eniake amachitcha Ash-Shamaliyah. Adzukulu a anthu ake aliponso. Amalima tirigu ndi nyemba pafupi ndi mandawo, ndipo mbuzi zawo zimadya m'mithunzi ya mapiramidi.

Chigawochi n'chachikulu zedi, masikweya kilomita oposa 348,000. Malawi yense, ndi nyanja yake yomwe, angalowemo pafupifupi katatu. Chimachita malire ndi Egypt kumpoto, Libya kumpoto chakumadzulo, ndipo chakummwera chimakhudzana ndi Darfur ndi Kordofan. Koma kalembera wa mu 2008 anapezamo anthu pafupifupi 700,000 okha, ochepa poyerekeza ndi okhala mumzinda wa Blantyre. Wina angaganize kuti anthuwo amakhala motayana, aliyense ndi chimunda chake chosaona malire. Ayi ndithu. Amakhala mopanikizana, mudzi kutsamira mudzi unzake, pa kamzere kobiriwira kotsata mtsinje. M'madera ena kamzereko n'kotambalala makilomita angapo, m'madera ena n'kopapatiza moti mwana angaponye mwala kuchoka pamadzi n'kukagwera pamchenga. Kunja kwa kamzereko kulibe chitsime chodalirika, kulibe msipu, kupatula timalo towerengeka monga Selima, pamene apaulendo a ngamila ankapumulira pa njira yakale yotchedwa ya masiku 40, yochokera ku Darfur kupita ku Egypt.

Mtsinjewo umayenda modabwitsa m'chigawochi. Uli pa ulendo wake wopita kumpoto, ukafika ku Abu Hamed umatembenuka ngati waiwala kanthu, n'kuyamba kulowera kummwera chakumadzulo. Umadutsa Karima ndi Merowe, umafika ku Korti ndi Al Dabbah, kenako n'kukhotanso kuloza kumpoto, kudutsa Dongola, likulu la chigawochi, mpaka ku Wadi Halfa pamalire. M'njiramo muli mathithi, osati ogwa kuchokera pamwamba, koma madzi othamanga pakati pa matanthwe ndi tizilumba. Amene amadziwa mmene Kapichira ndi Mpatamanga anatsekera njira ya zombo pa Shire amvetsa msanga chimene mathithi amenewa ankachita. Ankadula mtsinje m'zigawozigawo, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi anthu ake, kalankhulidwe kake ndi mafumu ake. Mpaka lero Anubiya a ku Halfa, Sikot ndi Mahas amalankhula Nobiin, a ku Dongola ali ndi Andaandi, pamene Ashaigiya a chakumtunda kwa Korti amalankhula Chiarabu.

Za mvula, ndi bwino kungonena kuti kulibe. Ku Wadi Halfa zaka zingapo zimatha kudutsana popanda dontho, ndipo malowa ali m'gulu la malo amene dzuwa limawala maola ambiri chaka chonse pa dziko lapansi. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ife tikufunda mabulangete a Juni, kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40 tsiku ndi tsiku. Mu Disembala ndi Januwale usiku kumazizira mpaka kulowa m'mafupa. Asodzi a kunyanja kwathu amadziwa mwera ndi mpoto. Kumeneko mpoto ndiye mwini chaka. Amawomba pafupifupi miyezi yonse, ndipo ndi amene ankathandiza ngalawa za matanga kukwera mtsinje molimbana ndi madzi, pobwerera madziwo n'kuzitenga okha. Chomwe chingamudabwitse mlimi wa kwathu n'chakuti kumeneko mvula ikagwa yambiri anthu amalira. Nyumba ndi za dothi, madenga ndi athyathyathya, ndipo zipatso za kanjedza zikanyowa zili pafupi kupsa zimaola. Madzi amene amawayembekeza ndi a mvula yogwa kutali, kumapiri a Ethiopia, imene imadzaza mtsinje mu Ogasiti ndi Seputembala n'kusiya matope achonde m'magombe. Madzi akaphwa, amadzala m'matopemo monga amachitira anthu a m'madimba a ku Nsanje.

Chuma chenicheni cha banja ndi kanjedza, wobala zipatso zotsekemera zija abale athu achisilamu amamasulira nazo kusala m'mwezi wa Ramadan. Mtundu wotchuka kumeneko ndi barakawi, wouma gwa, wosungika chaka chathunthu m'thumba. Kanjedza safuna ulesi. Mwezi wa Febuluwale kapena Marichi munthu amakwera mtengo uliwonse waukazi kukaikamo maluwa a mtengo waumuna ndi manja ake, n'kudzakweranso nthawi yokolola cha mu Okutobala. Mtengo umodzi umatha kukhala ndi eni angapo: mwini nthaka, amene anabweretsa mphukira, amene anathirira uli waung'ono, ndiyeno ana ndi adzukulu a onsewa. Tsiku lokolola zipatso zimagawidwa milumilu pansi pa mtengo, aliyense n'kutenga gawo lake, ngakhale amene ali kutali amamusungira. Ndipo akutali ndi ambiri, chifukwa nthaka ndi yochepa. Kuyambira kale amuna akhala akupita kukagwira ntchito ku Cairo, ku Khartoum, ndipo masiku ano ku Saudi Arabia ndi maiko oyandikana nawo, monga mmene agogo athu ankapitira ku Joni. Kwa zaka pafupifupi 2,000 madzi ankakwezedwa kuchoka mumtsinje ndi chigudumu chamatabwa chomangiriridwa mitsuko, chozunguzidwa ndi ng'ombe, chimene Anubiya amati eskalay. Lero mapampu a dizilo ndi magetsi anatenga malo ake. Chimene sichinasinthe ndi mitsuko ikuluikulu yoikidwa pamthunzi m'mbali mwa msewu, yodzaza madzi ozizira, ndi kapu pambali pake, kuti wapaulendo aliyense amwe osapempha.

Kuuma kumeneku, kumene kumazunza anthu amoyo, ndi kumene kwasunga mbiri yawo. Kwathu kuno nyumba ya zidina ikasiyidwa, madzinja awiri atatu akwana kuti ibwerere kudothi, chiswe n'kumaliza zotsala. Ku Kerma, kumpoto kwa Dongola pafupi ndi mathithi achitatu, kuli chinyumba cha zidina zosawotcha chotalika mamita pafupifupi 18, ndipo chaima pamenepo zaka zoposa 3,500. Anthu amachitcha Deffufa. Chinali kachisi pakati pa mzinda umene unakula kuyambira cha m'ma 2500 BC, wokhala ndi malinga, nyumba za mafumu, mophikira buledi ndi mosungunulira mkuwa. Aigupto ankawaopa anthu amenewa, n'chifukwa chake anamanga malinga akuluakulu ankhondo ku Buhen ndi ku Semna. Dziko lawo ankalitcha la uta, poti amuna ake anali akatswiri a mivi. Owumba a ku Kerma ankapanga timiphika tofiira, takuda kukamwa, topyapyala ngati chikamba cha dzira, popanda makina owumbira. Chuma chawo chinali ng'ombe, ndipo manda a anthu otchuka ankazunguliridwa ndi zigaza za ng'ombe, pena mazana, pena zikwi. Pali china chowawa chimene mchenga unasunganso: m'manda a mafumu omaliza munapezeka mafupa a anthu mazanamazana amene anaikidwa limodzi ndi mfumu kuti aiperekeze. Ukulu wa Kerma unali ndi mtengo wake, ndipo anaulipira ndi anthu wamba.

Mmene mbiri ya Kerma inalembedwera poyamba zimandipweteka mtima. A George Reisner a ku America, amene anafukula malowa pakati pa 1913 ndi 1916, anali katswiri wosamala pa ntchito yake. Koma ataona kukongola kwa zimene anapeza, anagamula kuti pamenepa panali boma la Aigupto olamulira anthu akuda, poti m'maganizo awo eni dziko sakanatha kumanga zotere. Bodza limeneli linakhala m'mabuku zaka makumi angapo. Linadzagwa ndi ntchito ya a Charles Bonnet a ku Switzerland, amene kuyambira m'ma 1970 anafukula mzinda weniweniwo pamodzi ndi anzawo a ku Sudan, msewu ndi msewu, n'kuonetsa kuti Kerma unali ufumu wa eni nthaka, umodzi wa maufumu akale kwambiri mu Africa. Bodza lija n'lofanana ndi zimene ena anachitira Great Zimbabwe, kufunafuna mlendo woti amupatse ulemu wa ntchito ya eni mudzi.

Cha m'ma 1500 BC, Farao Thutmose I anagonjetsa Kerma n'kulemba za chipambano chake pamatanthwe a ku Tombos. Aigupto analamulira dzikoli zaka pafupifupi 400, akutenga golide, minyanga ndi ng'ombe. Anasiya akachisi okongola, monga wa ku Soleb womangidwa ndi Amenhotep III, ndi wa ku Sedeinga wa mkazi wake Tiye. Koma malo amene anawakoka mtima kwambiri ndi phiri lina pafupi ndi tauni ya Karima, lotchedwa Jebel Barkal. Si lalitali, mamita pafupifupi 100 basi, lathyathyathya pamwamba ngati tebulo, loima lokha pachigwa. Pakona pake pali thanthwe losongoka lopatukana ndi phirilo, ndipo munthu akaliyang'ana cham'mbali limaoneka ngati njoka imene yadzutsa mutu, chizindikiro chija mafarao ankavala pamphumi. Ansembe ananena kuti mulungu wawo Amun amakhala m'kati mwa phirilo, ndi kuti ufumu umachokera mmenemo. Anamanga kachisi patsinde pake, ndipo mzinda wa Napata unakula pomwepo.

Chiphunzitso chimenecho chinadzawatembenukira. Mphamvu za Egypt zitatha, mafumu a ku Napata anati: ngati ufumu umachokera m'phiri ili, ndiye kuti eni ufumuwo ndife. Cha m'ma 727 BC Mfumu Piye anatsika mtsinje ndi asilikali ake, nagonjetsa mizinda ya Egypt umodziumodzi mpaka ku Memphis. Mbiri ya ulendowo anailembetsa pamwala waukulu umene unapezeka ku Jebel Barkal mu 1862, ndipo lero uli ku Cairo. M'mbiriyo muli kanthu kamene kamandionetsa munthuyo osati mfumu chabe. Atalanda mzinda wa Hermopolis, analowa m'khola la mfumu ya kumeneko, Nimlot, n'kupeza mahatchi ataonda ndi njala ya nthawi ya nkhondo. Anamukalipira Nimlot kuti kuvutitsa mahatchiwo kunamupweteka kuposa zolakwa zake zina. Izi sizinali zongolemba. Ku El-Kurru, kumene Piye anaikidwa, ofukula anapeza manda a mahatchi a mafumu, oikidwa chiimire, atavekedwa mikanda. Atamaliza nkhondoyo, Piye sanakhale ku Egypt. Anakweza katundu m'ngalawa n'kubwerera kwawo.

Omutsatira, Shabaka, Shebitku, Taharqa ndi Tanutamani, analamulira kuchokera ku Sudan wa lero mpaka kunyanja ya Mediterranean. Taharqa, amene anakhala pampando kuyambira 690 mpaka 664 BC, ndiye anamanga zambiri. Anafika polembetsa dzina lake pansonga ya thanthwe lija la Jebel Barkal n'kulikuta ndi golide, pamalo poti munthu wapansi sangawerenge, koma dzuwa likatuluka pankang'anima. Asuri ndi amene anathetsa ulamuliro wawo ku Egypt. Mu 663 BC anafunkha mzinda wa Thebes, ndipo Akusi anabwerera kummwera. Patapita zaka 70, mu 593 BC, Farao Psamtik II anatumiza asilikali kudzawononga dziko la Kusi. Mu 2003, gulu la a Bonnet likufukula ku Dukki Gel pafupi ndi Kerma, linapeza dzenje, ndipo m'dzenjemo munali ziboliboli zisanu ndi ziwiri za mafumu, Taharqa, Tanutamani, Senkamanisken, Anlamani ndi Aspelta. Zinali zothyoledwa dala, makosi ndi miyendo, koma zidutswazo zinasonkhanitsidwa n'kuikidwa mwaulemu monga amaikira maliro. Winawake, nkhondo itadutsa, anatola mafumu ake pansi n'kuwafotsera. Lero analumikizidwanso ndipo aimirira m'nyumba yosungira zakale ya ku Kerma imene inatsegulidwa mu 2008. Likulu la ufumu pambuyo pake linasamukira ku Meroe, kumene kuli mapiramidi ambiri aja otchuka pazithunzi. Meroe ameneyo ali m'chigawo china, cha River Nile, ndipo asasokonezedwe ndi tauni ya Merowe ya m'chigawo chathuchi. Jebel Barkal, Nuri, El-Kurru, Sanam ndi Zuma analembedwa ndi UNESCO mu 2003 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi.

Chimene Akhristu ambiri a kuno sitidziwa n'chakuti dera limeneli linali lachikhristu zaka pafupifupi 800. Wansembe wina dzina lake Julian anafika ku Nobadia, ufumu wa chakumpoto umene likulu lake linali Faras, cha mu 543. Apo n'kuti kutatsala zaka zoposa 1,300 kuti a Livingstone aone nyanja ya Malawi. Ufumu wa Makuria, wa likulu lake ku Dongola wakale, makilomita pafupifupi 80 kumtunda kwa Dongola wa lero, nawonso unatembenuka. Anali ndi mabishopu awo, nyumba za amonke monga ya ku Ghazali, ndipo ankalemba chilankhulo chawo ndi zilembo zochokera ku Chigiriki ndi Chikoputiki, n'kumasuliramo mbali zina za Malemba. Aarabu atalanda Egypt anayesa kulowanso kuno. Mu 652 anazinga Dongola, koma oponya mivi a Mfumu Qalidurut anawavuta kwambiri moti Aarabuwo anawapatsa dzina lakuti olasa m'maso. Mapeto ake anapangana pangano lotchedwa baqt, limene linasunga mtendere zaka pafupifupi 600. Ambiri amaliyamikira chifukwa cha kutalika kwake, ndipo n'zoona kuti mapangano otere ndi osowa. Koma m'panganomo munali mawu akuti chaka chilichonse Makuria azipereka akapolo 360, iwo n'kumalandira tirigu ndi nsalu. Mtendere wa m'matchalitchi okongolawo unkagulidwa ndi ana a anthu ena ogwidwa kutali.

Chikhristu sichinathe ndi lupanga la tsiku limodzi. Chinafooka pang'onopang'ono, ndi mikangano ya m'banja lachifumu, kulowerera kwa mafumu a ku Cairo, maukwati ndi malonda. Mu 1317 chinyumba chansanjika cha mafumu ku Dongola wakale chinasandutsidwa mzikiti, ndipo chikadalipo pamwamba pa chitunda, chikuyang'ana mtsinje. Kumbuyo kwake kuli manda a mashehe omangidwa ngati zulu zazikulu. Zaka zotsatira ndingozidutsa mwachangu. Mu 1820 asilikali a Muhammad Ali wa ku Egypt anabwera ndi mfuti n'kugonjetsa Ashaigiya ku Korti. Mu 1844, pachilumba cha Labab pafupi ndi Dongola, m'banja la osema ngalawa munabadwa Muhammad Ahmad, amene anadzadzitcha Mahdi n'kulanda Khartoum mu 1885. Angerezi anabwera motsogozedwa ndi Kitchener, analanda Dongola mu 1896, ndipo chaka chotsatira anayala njanji yodula chipululu kuchoka ku Wadi Halfa kupita ku Abu Hamed. Masiteshoni a njanjiyo anangowapatsa manambala, poti kunalibe mudzi woti atengereko dzina.

Njanji imeneyo ndi imene inakulitsa Wadi Halfa. Apaulendo ochokera ku Egypt ankatsika sitima ya pamadzi pamenepo n'kukwera ya pamtunda yopita ku Khartoum. Tauniyo inali ndi doko, msika, hotela yoyang'ana mtsinje, mzikiti wa nsanja yaitali, ndi mizere ya kanjedza m'gombe. M'midzi yozungulira munali nyumba zazikulu za mabwalo m'kati, zipata zake zojambulidwa maluwa ndi mbalame, mbale zadothi zonyezimira zomatidwa pamwamba pa khomo. Mwana akabadwa ankapita naye kumtsinje kukamusambitsa kumaso. Akwati nawonso ankatsikira kumtsinje. Moyo wonse wa munthu unkayambira ndi kuthera pamadzi amenewo.

Mu 1959 boma la General Ibrahim Abboud linasainirana pangano ndi Egypt logawana madzi a Nile, ndipo linavomera kuti damu lalikulu la Aswan limangidwe ngakhale nyanja yake idzalowe makilomita pafupifupi 150 m'dziko la Sudan. Egypt inalipira mapaundi ake 15 miliyoni. Anthu a ku Halfa, pafupifupi 50,000, sanafunsidwe ngati akulola. Anangofunsidwa kumene akufuna kupita, ndipo ambiri atasankha malo a pafupi ndi Khartoum, boma linasankha kwina, ku Khashm el-Girba, m'mbali mwa mtsinje wa Atbara, makilomita mazanamazana kummwera chakummawa kwa Halfa. Mu 1960 anthu anachita zionetsero ku Halfa, ena n'kumangidwa, koma chigamulo sichinasinthe. Akuluakulu a boma anayenda mudzi ndi mudzi kuwerenga nyumba ndi mitengo ya kanjedza kuti alipire chipukuta misozi. Koma mtengo wa eni asanu, wodzalidwa ndi agogo, umene gawo la zipatso zake linkatumizidwa kwa mwana ali ku Cairo kuti adziwe kuti kwawo amamukumbukira, angauwerengere ndalama zingati?

Pa nthawi yomweyo dziko lonse linadzuka kudzapulumutsa miyala. UNESCO inapempha thandizo mu 1960, ndipo magulu a akatswiri anakhamukira ku Nubia, dziko la Anubiya. Akachisi a ku Buhen, Semna ndi Kumma anapasulidwa mwala umodziumodzi n'kukamangidwanso ku Khartoum. Ku Faras, gulu la ku Poland lotsogozedwa ndi a Kazimierz Michałowski linakumba chitunda china mu 1961 n'kupeza tchalitchi chachikulu chathunthu chitakwiririka mumchenga, makoma ake odzaza zithunzi za angelo, oyera mtima ndi mabishopu a khungu lakuda, utoto wake uli wowala. Pakhoma lina panali mndandanda wa mayina a mabishopu a pamenepo. Anagwira ntchito mothamangitsana ndi madzi mpaka 1964, nachotsa zithunzi zoposa 100, zina kupita ku Khartoum, zina ku Warsaw. Ntchito imeneyi ndimaiyamikira ndi mtima wonse, poti popanda iyo sitikanadziwa nkhope za anthu amenewa. Chimene sindingathe kuchimeza n'chakuti chithunzi cha pakhoma chinakulungidwa mosamala, chinaikidwa m'bokosi, chinapezeredwa nyumba yabwino, pamene mayi wa m'mudzi womwewo wa Faras anauzidwa kuti amange katundu wake akwere sitima.

Sitima yoyamba inanyamuka pa 6 Januwale 1964, ndipo inanyamula anthu a ku Faras. A Hassan Dafalla, bwanamkubwa amene anapatsidwa ntchito yowasamutsa, anadzalemba zimene anaona m'buku lawo lotchedwa The Nubian Exodus. Anthu asananyamuke ankapita kumanda kukatsanzika makolo awo, podziwa kuti sadzapezanso poti n'kuimirira kuti awatchule mayina. Amene anawerengapo za Atonga pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi pomanga damu la Kariba adziwa kulira kwake. Kumalo atsopanowo, amene anawatcha New Halfa, anapeza midzi ya manambala ngati masiteshoni a Kitchener aja, nyumba zofanana zonse, mizeremizere, madenga a asibesitosi. Kunalibe Nile pakhomo. Kunali mvula yamabingu imene ambiri anali asanaionepo chibadwire, matope, udzudzu ndi malungo. Alimi a kanjedza anasanduka alimi a thonje ndi mtedza pa sikimu ya boma, olima zimene auzidwa. Kumbuyo kwawo madzi anakwera pang'onopang'ono. Nyumba zadothi zinkasungunuka kuyambira pansi n'kugwa, kanjedza anamira mpaka kunsonga, ndipo chomaliza kuoneka pamwamba pa madzi chinali nsanja ya mzikiti. Mathithi achiwiri, malinga a Buhen, tchalitchi cha Faras chimene mchenga unachisunga zaka mazana ambiri, zonse zinapita m'zaka zowerengeka.

Si onse anakwera sitima. Mabanja ena anakana kwamtuwagalu. Boma linatseka maofesi ndi kuchotsa thandizo, koma iwo anakhalabe. Madzi akafika pakhomo, ankasuntha zisakasa zawo kukwera kumtunda, madzi akawapezanso, n'kusunthanso, mpaka nyanja inaima. Pamalo ouma, opanda mtengo, pakati pa miyala, anamanga Wadi Halfa wa lero. Anthu a chigawochi amawakumbukira anthu amenewa ndi ulemu waukulu, ndipo nyimbo za Mohammed Wardi, woimba wotchuka wa ku Sudan amene anabadwira ku Sawarda mu 1932, zinathandiza kuti chilankhulo cha Nobiin ndi chisoni cha Nubia zimveke dziko lonse. Chigawo chomwechi ndi chimene chinabala Tayeb Salih, wobadwira ku Karmakol pafupi ndi Al Dabbah mu 1929, amene nthano zake zambiri zimachitikira m'mudzi wa pokhota mtsinje.

Zimene zinachitika ku Halfa zinabwerezedwa. Damu la Merowe, lomangidwa pa mathithi achinayi ndi kutsegulidwa mu 2009, limapanga magetsi okwana mamegawati 1,250, ndipo magetsiwo Sudan inkawafunadi. Koma linasamutsanso anthu zikwi makumi angapo a ku Hamdab, Amri ndi Amanasir, ena mwa iwo madzi akuwalowera m'nyumba asanagwirizane za kopita. Ofukula zakale anabweranso kudzathamangitsana ndi madzi, ndipo m'madera ena Amanasir anawathamangitsa, ponena kuti sizingatheke kusamala mafupa a akufa pamene amoyo akutayidwa. Boma litalengeza damu lina ku Kajbar, pa mathithi achitatu, pakati penipeni pa dziko la Amahas, anthu anati zakwana. Pa 13 Juni 2007 anayenda ulendo wokana damulo, apolisi anawombera, ndipo anthu anayi anafa. Damu la Kajbar silinamangidwe mpaka lero. Ku Nuri nako madzi apansi panthaka akwera moti zipinda za manda a mafumu ena zadzaza, ndipo ofufuza amene analowa m'manda a Mfumu Nastasen anachita kumira m'madzi.

Nkhondo imene inabuka ku Sudan pa 15 Epulo 2023 inakhudza chigawochi kuyambira tsiku loyamba, poti kumenyana kwina koyambirira kunachitikira pabwalo la ndege la Merowe. Pambuyo pake nkhondo yapansi inasunthira kwina, ndipo Kumpoto kunasanduka kothawira. Nyumba yosungira zakale ya ku Khartoum, kumene anapititsa akachisi a Buhen ndi zithunzi za Faras kuti zikasungike, inapezeka pakati pa nkhondo ndipo katundu wake wambiri anabedwa. Ana ndi adzukulu a anthu amene anapita kutauni kalekale anabwerera kumidzi ya makolo ku Dongola, Karima ndi Mahas, n'kutsegula nyumba zimene zinakhala zokhoma zaka zambiri. Ena zikwizikwi anapitirira mpaka ku Wadi Halfa, akufuna kuwolokera ku Egypt. Mu Juni 2023 Egypt inalamula kuti aliyense, ngakhale amayi, ana ndi okalamba, akhale ndi viza, ndipo anthu anadikira milungu, ena miyezi, m'tauni yaing'ono yopanda mthunzi. Anagona m'masukulu, m'mizikiti, m'misewu, ndi m'mabwalo a nyumba za eni tauni, zidzukulu za aja anakana kukwera sitima mu 1964. Madzi amene ankamwa pa kudikirako ankachokera m'nyanja yomweyo, imene pansi pake pali Halfa wakale, doko lake, msika wake ndi manda ake.